Mmene mungayambire kusinkhasinkha ngati chilakolako chimakukokerani uku ndi uku

Abale ambiri kuno ku Harare akamva zoti munthu akhale phee, atseke maso n'kumangomvetsera kupuma kwake, amati zimenezo ndi za anthu a ku Borrowdale omwe alibe mavuto, kapena ndi za chipembedzo chachilendo. Koma ine ndimaona kuti ofunikira kwambiri zimenezi ndi ife tomwe, ife amene timagona mochedwa mutu ukuzungulira ndi lendi, fizi ya ana, ndalama yotumiza kumudzi ku Ntcheu kaya ku Mangochi, kenako dzanja lapita lokha pa foni kukabetcha kandege ati mwina lero ziyenda. Ndalembera munthu ngati ameneyo. Chilakolako sichitha, ndipo sichiyenera kutha chonse. Chomwe kusinkhasinkha kumakupatsani ndi kampata pakati pa kufuna chinthu ndi kuchichita, kampata koti muthe kusankha nokha.

Timvetsetse kaye chomwe tikulimbana nacho. Wasayansi wa ku University of Michigan, Kent Berridge, pamodzi ndi mnzake Terry Robinson, anaonetsa kuti kufuna chinthu ndi kukondwera nacho sizimayendera njira imodzi mu ubongo. Dopamine ija anthu amakonda kuitchula, kemikolo ya mu ubongo, imagwira ntchito kwambiri pa kufuna, pa kukukankhani kuti dzuka katenge, osati pa kukoma kwenikweniko. Nchifukwa chake munthu amatha kuyatsa ndudu ina pomwe m'kamwa mukuwawa kale ndipo sikumukomera olo pang'ono koma akuifunabe basi. Kubetcha nchimodzimodzi, kutsegula WhatsApp mphindi iliyonse mukudziwa bwinobwino kuti palibe wakulemberani nchimodzimodzinso. Buddha anaziona izi zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo pa chiphunzitso chake choyamba ku Sarnath, ku India, ananena kuti gwero la kusautsika ndi kukhumba kosakhuta, koti kakapeza ichi kakufuna icho. Makolo athu anafupikitsa nkhani yomweyi: ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Poyamba, nthawi ndi malo

Sankhani nthawi imodzi, ikhale yomweyo tsiku lililonse. Kwa ambiri yabwino ndi m'mamawa ana asanadzuke, makombi asanayambe kuliza mahutala, cha m'ma 5 koloko, kapenanso 4 koloko isanakwane kwa amayi omwe amalawirira kukapikula matimati ku Mbare Musika. Usiku kumatheka koma thupi likatopa mumangowodzera, ndiye ngati mwasankha madzulo chitani musanadye nsima, osati mutakhuta.

Za malo musavutike nazo. Ndikudziwa kuti ambiri timagona anthu anayi asanu m'chipinda chimodzi, m'maflati a ku Mbare phokoso silitha, ku Epworth kaya ku Dzivarasekwa mwina mukuchita lendi kachipinda ka kuseri komwe wailesi ya a neba imamveka ngati ili m'nyumba mwanu. M'mphepete mwa bedi pakwana. Pakhonde pakwana, kungoti mu June ndi July mufunde bulangete chifukwa kuzizira kwa kuno m'mawa sikocheza. Loweruka mukapeza mpata mutha kupita ku National Botanic Garden, ku Mukuvisi Woodlands kapena kukakwera matanthwe a ku Domboshava, n'kosangalatsa ndithu, koma musadikire malo okongola kuti muyambe. Mphindi 5 kunyumba tsiku ndi tsiku zimaposa ola lathunthu kuphiri kamodzi pamwezi.

Foni itchereni alamu ya mphindi 5, zimitsani data, muiike poti dzanja silikufikapo. Apa ndikunenetsa, chifukwa foni ikakhala pambali panu iyamba kukuitanani musanapume n'katatu komwe.

Kakhalidwe

Khalani pampando mapazi atagunda pansi, kapena pamkeka mutapinda bulangete n'kukhalira kuti chiuno chikwere pang'ono kuposa mawondo. Msana uwongoke koma osaumitsa, mapewa agwe, manja pantchafu. Maso mutha kutseka, kapena kuyang'ana pansi kutsogolo kwanu ngati kutseka kukukuchititsani tulo kaya mantha. Kupinda miyendo ngati a pazithunzi aja sikofunika. Osagona chagada, mugona tulo.

Kupuma

Yambani ndi kupuma kwakukulu katatu, kukoka mpweya ndi mphuno, kuutulutsa pang'onopang'ono motalikirapo kusiyana ndi mmene munakokera. Mukamatulutsa mpweya mtima umagunda mochedwerapo, ndi mmene thupi limayendera, ndiye kutalikitsa mbali imeneyi kumathandiza thupi kudekha. Kenako lisiyeni thupi lipume lokha, osalilamula. Ntchito yanu ndi kungomva. Pezani pomwe kupuma kukumveka bwino, ena ndi pamphuno pomwe mpweya wozizira ukulowera, ena ndi pamimba pomwe ikukwera n'kutsika, ndipo mukasankha pamodzi khalani pomwepo osasinthasintha.

Werengani mumtima. Mukatulutsa mpweya, 1. Mukatulutsanso, 2. Mpaka 10, kenako kuyambiranso. Mukasokonezeka, kapena mukazindikira kuti muli pa 17 osadziwa mwafikapo bwanji, bwererani pa 1 opanda nkhani.

Pano ndiime kaye chifukwa ndikudziwa funso lomwe a ku CCAP, a Katolika ndi abale athu achisilamu ali nalo, loti kodi izi sizikutsutsana ndi chikhulupiriro changa. Kumva mpweya wanu womwe si kupembedza chilichonse. Ndiponso kukhala chete n'kumayang'anira maganizo si kwa ku Asia kokha ayi, Akhristu anazichita konkuno ku Africa. M'zaka za m'ma 300, m'chipululu cha ku Egypt, munali amonke omwe ankakhala okhaokha m'mapemphero, ndipo mmodzi wa iwo, Evagrius, yemwe anamwalira mu 399, analemba za maganizo asanu ndi atatu omwe amavutitsa munthu, monga dyera, chiwerewere, kukonda chuma ndi mkwiyo, n'kulangiza kuti munthu aziona mmene ganizo lililonse limabwerera ndi chomwe limabwera nacho. Asilamu nawo ali ndi zikiri, kubwereza dzina la Mulungu mpaka mtima ukhale pansi. Ndiye ngati kuwerenga manambala kukukuumirani, ikani mawu amodzi kapena awiri a pemphero lanu pa mpweya uliwonse wotuluka. Chofunika n'choti maganizo akhale ndi pobwerera.

Maganizo akathawa

Athawa, ndipo athawa msanga. Mufika pa 3 muli kale ku Roadport kuwerengera mtengo wa basi ya ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda, kapena mukuyankha mawu omwe abwana anakunenani dzana. Anthu ambiri amasiyira pamenepa, amati ine mutu wanga sungakhale chete, izi si zanga. Koma mutu wa aliyense ndi wotero. Mu 2010 ofufuza awiri a ku Harvard, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, ankafunsa anthu 2,250 kudzera pa foni nthawi zosiyanasiyana kuti pakali pano mukuganiza chiyani, ndipo anapeza kuti pafupifupi 47 peresenti ya nthawiyo maganizo a anthu sanali pa chomwe ankachita. Anapezanso kuti maganizo akamayendayenda choncho anthu amakhala osasangalala kwenikweni.

Ndiye kuthawako si kulephera. Ntchito yeniyeni ndi ija ya kuzindikira kuti aa, ndachoka, n'kubwerera pa mpweya. Mukachita zimenezo ka 30 m'mphindi 5 ndiye kuti mwaphunzira ka 30. Chimathandiza ndi kulitchula ganizolo ndi liwu limodzi mumtima, monga nkhawa, kukumbuka, mapulani, mkwiyo, kenako kubwerera pa 1. Musadzikalipire, chifukwa kudzikalipira nalonso ndi ganizo lina lomwe likukuchotsani pa mpweya. Phokoso la kunja lichiteni chimodzimodzi, galu akauwa kapena jenereta ya a neba ikalira, nenani mumtima kuti phokoso, mubwerere.

Chitani izi zokha kwa sabata imodzi kapena ziwiri musanapite pa gawo lotsatirali.

Chilakolako chikafika

Apa ndiye pagona nkhani. Mukakhala chete masiku angapo muyamba kuona kuti ambiri mwa maganizo omwe amakusokonezani ali ndi kukoka mkati mwake. Ndione foni. Ndimwe tiyi. Ndikande pamsana. Ndimuimbire uja. Zing'onozing'ono zimenezi ndiye pophunzirira pabwino, chifukwa zimayenda mofanana ndendende ndi zikuluzikulu za mowa, fodya, kubetcha ndi chibwenzi chomwe mukudziwa kuti chikuwonongerani banja.

Chikafika, choyamba chitchuleni: kufuna. Chachiwiri, siyani kuwerenga mpweya ndipo mufufuze pomwe chili m'thupi. Funso ili limamveka lachilendo koma yesani, mupeza kuti chilakolako chili ndi malo. Kwa wina ndi kumangika pachifuwa, kwa wina malovu kudzadza m'kamwa, kutentha m'mimba, zala kuyabwa, miyendo kufuna kunyamuka. Ikani maganizo pamalo pamenepo ndipo muzingoonerera. Ndi pakakulu bwanji, pakutentha kapena pakuzizira, pakugunda kapena pangoti nji. Nkhani yomwe mutu ukukuuzani, ija yoti kamodzi kokha, lero lokha, dola imodzi yokha, musaiyankhe ndipo musakangane nayo, bwererani ku thupi.

Mukapirira pamenepo muona chinthu chomwe ambiri sitinachionepo chifukwa timathamangira kuchita: chilakolako chimasintha. Chimakwera, chimafika pamwamba pomwe mumaona ngati simungathenso, kenako chimayamba kutsika chokha musanachipatse kalikonse. Chimabweranso, zoona, koma chimatsikanso. Katswiri wa za maganizo Alan Marlatt wa ku University of Washington anagwiritsa ntchito mfundo imeneyi pothandiza anthu omwe ankalimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo kuti asabwerere m'mbuyo. Ndipo mu 2011 Judson Brewer ndi anzake ku Yale anayesa njira yotere pa anthu osuta fodya. Patatha masabata 17, mwa omwe anaphunzira kuonerera chilakolako chawo 31 peresenti anali atasiya, pomwe mwa omwe anatsata pulogalamu yodziwika yosiyira fodya anali 6 peresenti. Gululo linali laling'ono, anthu osafika 100, ndiye tisatenge ngati mankhwala a aliyense, komabe kusiyanako sikochepa.

Ganizirani mahwindi, anyamata oitanira anthu m'makombi aja, a pa siteji ya Copacabana kapena pa Market Square. Amakuwa, amakugwirani chikwama, amakuuzani kuti yatsala munthu mmodzi inyamuke. Simumenyana nawo ndipo simuwathawa, mumangodziwa komwe mukupita, ndipo kombi yomwe si yanu imadzadza n'kunyamuka inu muli chiimire. Chilakolako chichiteni choncho.

Pali zolakwika ziwiri zomwe ndimaziona kawirikawiri. China ndi kulimbana nacho mwamphamvu, kukukuta mano, kudziuza kuti ndisaganize za mowa, ndipo mukatero mowawo ndi umene umadzadza mutu wonse. China ndi kuchidyetsa ndi zithunzi, kukhala maso ali otseka koma mukuonera filimu ya mmene botolo lozizira likomere, mmene kandege kakwerere mpaka mutawina. Kumeneko si kuonerera chilakolako, ndi kuchikuza. Mukazindikira kuti mwalowa mufilimu, tsikirani m'thupi, pachifuwa paja, pamimba paja.

Kutuluka nazo panja

Mphindi za m'mawa zija ndi zokonzekera chabe, mayeso enieni ali masana. Dziikireni lamulo limodzi losavuta: ndisanalembe pini ya EcoCash pa chinthu chomwe sindinachikonzere, ndisanalowe m'shopu ya kubetcha, ndisanayankhe meseji ya uja, ndipume kaye ka 10 n'kumva pomwe kukoka kuli. Sindikuti musachite. Pumani kaye basi, mukamaliza musankhe. Nthawi zina mudzachitabe, koma nthawi zina mudzapeza kuti pofika pa 8 moto wazirala ndipo miyendo yadutsa pakhomo paja.

Tsiku lomwe mwachitabe, musalitaye. Chitani muli maso. Ngati ndi ndudu, imveni kakomedwe kake kenikweni, fungo lake, mmene pakhosi pakumvekera. Brewer ankauza odwala ake kuchita zomwezi, ndipo ambiri ankadabwa kupeza kuti chinthu chomwe amachilakalaka tsiku lonse n'chonunkha komanso chosakoma. Ngati ndi kubetcha, dzifunseni mphindi 10 pambuyo pake kuti m'thupi mukumveka bwanji. Ubongo umaphunzira ndi zomwe waona wokha, osati ndi ulaliki, ndipo ukaona kangapo kuti lonjezo linali lalikulu koma malipiro ndi ochepa, kukoka kuja kumayamba kufooka.

Si chilakolako chilichonse choyenera kuchisiya chidutse

Apa ndimatsutsana ndi anthu ena omwe amaphunzitsa ngati cholinga n'choti munthu asafune kanthu. Agogo athu anayenda mtunda wautali kuchoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kuno chifukwa ankafuna kanthu, ankafuna ana awo adye. Kufuna kuti mwana amalize Form 4, kufuna kupeza mapepala oyenera, kufuna kumanga kanyumba, kufuna malipiro achilungamo, zimenezi musazikhazike pansi, zigwireni. Ngakhale m'chiphunzitso cha Buddha amasiyanitsa kukhumba kosakhuta ndi kufunitsitsa kuchita chabwino, ndipo chachiwirichi amachilimbikitsa.

Ndiye kamodzi pasabata, mukamaliza kukhala chete mtima uli m'malo, tengani chimodzi mwa zomwe zakhala zikukukokani ndipo muchifunse mafunso. Kodi ndikachipeza, mawa m'mawa ndidzakondwera kapena ndidzachita manyazi? Kodi ndinkachifuna ndisanaone status ya msuweni wa ku Johannesburg ataima pambali pa galimoto, kapena chabadwa pomwepo? Kodi pansi pake pali chiyani? Funso lomalizali ndi lolemera. Nthawi zambiri pansi pa kufuna mowa pali kutopa kapena kusungulumwa, pansi pa kubetcha pali mantha a ngongole, pansi pa kungokhalira Facebook mpaka 1 koloko usiku pali kusafuna kukhala wekha ndi maganizo ako. Mukachipeza chapansicho, chimenecho ndiye chofunika kuchisamalira, kaya ndi kugona mokwanira, kaya kukaona m'bale ku Mufakose, kaya kukhala pansi ndi amene munamukongola n'kugwirizana kabwezedwe.

Mwa zomwe ndaona, chilakolako chongoyabwa chimachepa mukachiyang'anitsitsa, pomwe chofuna chenicheni chimakhalabe pomwepo, chodekha, ndipo chimakuuzani chochita.

Kupitiriza

Sabata ziwiri zoyamba mphindi 5. Kenako 10. Mukafika 15 kapena 20 n'zokwanira kwa munthu wa ntchito ndi banja. Jon Kabat-Zinn, yemwe anayambitsa pulogalamu yotere yothandiza odwala ku University of Massachusetts mu 1979, anaikonza kuti ikhale ya masabata 8, ndiye inunso dzipatseni nthawi yofanana musanagamule kuti zikuthandiza kapena ayi. Tsiku lomwe mwadumpha musawirikize mawa lake, ingokhalani monga mwa masiku onse. Sungani kakope, usiku uliwonse mulembe mzere umodzi: lero chandikoka chiyani, ndachita kapena chadutsa. Pakatha mwezi muwerenge, mudzaona nthawi ndi malo omwe mumagwera kawirikawiri, mwina ndi Lachisanu mukalandira, mwina ndi magetsi akathima mulibe chochita. Mukapeza mnzanu mmodzi kapena awiri oti muzikhala nawo chete mukatuluka ku tchalitchi kaya ku mzikiti, zimapepuka kwambiri.

Pomwe kusinkhasinkha pakokha sikukwanira

Ena akakhala chete zimabwera zinthu zolemera, imfa ya wokondedwa, nkhanza zomwe anachitiridwa kale, mtima kuthamanga, kubanika. Zikatero tsegulani maso, yang'anani zinthu za m'chipindamo, pondani pansi mwamphamvu, imirirani muyende. Musadzikakamize kupitiriza. Mutha kuyesanso tsiku lina maso ali otsegula, kapena kusinkhasinkha mukuyenda pang'onopang'ono n'kumamva mapazi m'malo mwa mpweya.

Ngati kwa masabata angapo simukugona, chakudya sichikulowa, palibe chomwe chikukusangalatsani, kapena mukuganiza zodzivulaza, pamenepo pakufunika munthu wolankhula naye, osati kukhala nokha. Kuno ku Harare tili ndi mwayi wa Friendship Bench, yomwe Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pa makiliniki n'kumamvetsera anthu omwe maganizo awachulukira. Funsani ku kiliniki ya dera lanu. Amene walowa mu mutoriro (crystal meth) kapena mankhwala ena ozunguza bongo otere nayenso akufunika achipatala ndi achibale pafupi, kupuma kokha sikungamutulutse.

Ndipo kwa amene amamwa mowa wambiri tsiku lililonse, chonde musasiye mwadzidzidzi panokha chifukwa mwawerenga izi. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa kamodzin'kamodzi limatha kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kugwa ngati wakhunyu, ndipo zimenezi zimapha. Pitani kaye ku kiliniki, muwauze anesi kuchuluka kwenikweni kwa mowa womwe mumamwa patsiku osachepetsa, akuuzeni njira yosiyira bwinobwino.